Mwala Wogogodera Chishalo

Ndinatsala pang'ono kupha munthu masana dzuwa likuswa mtengo, anthu akuona, ndipo munthuyo sanandilakwire kanthu. Ndayamba ndi zimenezi kuti ndisazembe, chifukwa ine ndikayamba nkhani ndimakonda kuzungulira. Ndine wamtima wapachala. Akazi anga amati ndikapsa mtima makutu amayamba atseka kenako pakamwa n'kutseguka, ndipo sindinawatsutsepo. Lero mawondo sakundilola kuthamangitsa ngakhale mbuzi, koma m'zaka zija makuponi a feteleza atangoyamba kumene ndinali ndi mphamvu zanga zonse. Amene anandilanditsa tsiku limenelo ndi mayi wina wapolisi, ndipo mpaka lero sindinawathokoze pamaso.

Kwathu ndi kwa Wimbe. Chaka chimenecho mkwiyo wanga unali ndi pogwira. Fodya wanga wa bale, amene ndinamulera kuyambira ku nazale, kuthirira m'mawa ndi madzulo, kuwokera, kupalira, kuthyola, kusoka, akuba anadzamukolola m'chigafa atauma kale. Kunangotsala kusankha ndi kudinda mabelo. Ndinadzuka m'mawa n'kupeza mikangala yokhayokha, pansi pali timasamba tothothoka. Ndinapalasa njinga kukanena kupolisi, anandilemba bwinobwino, n'kundiuza kuti afufuza. Fodyayo sanapezeke. Anzanga akukwera malole kupita ku okushoni, ine ndinali pakhonde kuyang'ana nkhuku. Ndinayamba kukayikira aliyense. Mnansi akagula malaya atsopano, ndinkawayang'ana ngati ndi fodya wanga amene wavala. Ndinalumbira pamaso pa akazi anga kuti mbala yotsatira sindidzaiperekanso kwa munthu, ndidzathana nayo ndekha.

Sindinali ndekha woganiza choncho. Nyengo imeneyo kunkabedwa chilichonse: mbuzi, ng'ombe zangolo, makeni othiririra, ngakhale mbande pa bedi. Tinkamva kuti kumsika wakutiwakuti agwira wakuba n'kumuotcha, ndipo pa bawo nkhani yotere tinkaikamba ngati ya mpira. Palibe ankafunsa ngati wootchedwayo anabadi. Inenso sindinkafunsa.

Lamulungu lina, mapemphero atatha, mkulu wa mpingo analengeza kuti tisabalalike, kuli mlendo. Tinakhala pansi pa mitengo ya kesha panja pa tchalitchi. Mlendoyo anali mayi wapolisi, a sajeni, aafupi, ojintcha, nsapato zili mbuu ndi fumbi chifukwa anabwera pa njinga yakapalasa ngati ife tomwe. Anakana mpando umene anawaikira kutsogolo. Anamanga chitenje pamwamba pa yunifomu n'kuyamba kulankhula ataima pakati pathu, mosakweza mawu, moti amene ankalongolola kumbuyo anachita kukhalitsana chete okha.

Anatiuza mosabisa kuti apolisi ndi ochepa, dera ndi lalikulu, ndipo sangakhale pa chigafa cha aliyense. Anati tisankhe komiti ya chitetezo cha m'mudzi, anthu odziwika, osaledzera, ndipo aliyense wa iwo apatsidwa wenzulo. Ikalira katatu, onse athamangire komweko. Kenako ananena mawu amene anawabwereza mpaka tinatopa nawo: "Mukamugwira, mukhazikeni pansi, muitane ife. Basi. Osamenya."

Ine ndinaimika dzanja.

"Mayi, mbala tikaikhazika pansi, tiiphikirenso tiyi?"

Anthu anafa ndi phwete. Mayiwo anasekanso.

"Ngati shuga muli naye, iphikireni, bambo. Koma ndikufunseni. Mukamupha lero, mawa n'kuzindikira kuti si iyeyo, mudzamudzutsa ndi chiyani?"

"Ife wakuba timamudziwa," ndinayankha choncho, n'kuyang'ana anzanga kuti andivomereze. Anandivomereza.

Chachiwiri chimene a sajeni ananena chinali cha njinga, ndipo apa ndifotokoze pang'ono. Kunali chaka china fodya atagulidwa bwino, pamene mwamuna aliyense kuno anabwera kuchokera ku boma ndi njinga yatsopano. Tonse tinagula mtundu umodzi, yakuda, ya mpiringidzo, kaliyala wamkulu wotha kusenza belo. Zinakalambanso mofanana. Belu linkayamba kugwa, kenako pedulo n'kuthyoka, ife n'kusemera kathabwa. Komabe aliyense ankakhulupirira kuti yake angaizindikire ngakhale atamumanga nsalu kumaso. A sajeni anati zimenezo ndizo zimawavutitsa: njinga yobedwa ikapezeka, eni ake amabwera atatu, aliyense akulumbira. Anatenga sipanala, anazula chishalo cha njinga yawo, natisonyeza kuti paipi ya pansi pake ndi yamphako. Lembani dzina ndi mudzi pa kapepala, anatero, mukakulunge m'kapulasitiki ka shuga, mukakankhire mkati ndi kamtengo, mubwezere chishalo. Osadziwa kulemba anawalembera okha, atagwada, pepala lili pa bondo.

Mayi wina wa kwaya anafunsa kuti nanga amuna amene akagulitsa fodya amasowa mwezi wathunthu, n'kudzabwera opanda njinga ndi nsapato zomwe, tiziwatani? A sajeni anati amenewo kapepala tiziwasokerera ku kolala ya malaya. Amayi analuluta, amuna tinayang'ana kumbali.

Ine zonsezi ndinaziona ngati zachibwana. Mbande zanga zinkadikira madzi kudambo, choncho ndinanyamuka msonkhano usanathe. Madzulo akazi anga anayesa kundiuza zotsala.

"Bambo, mayi aja ananenanso za tsiku logula feteleza. Akuti njinga..."

"Za apolisi ndamva zokwana. Fodya wanga anam'peza?"

Anabwerera kukaphika, ine n'kumadziona ngati ndapambana.

Komiti inasankhidwa. Wapampando anali telala wa pamsika pathu, munthu woonda, wofatsa, amene ndikhulupirira sanamenyepo ngakhale galu. Wenzulo yake anaimangirira ku chingwe cha nsapato n'kuikoleka m'khosi. Ndikamadutsa pa khonde lake ndinkamuchitira sawatcha, n'kumufunsa kuti mfuti adzalandira liti. Iye ankangomwetulira, makina ake akulira.

Makuponi atabwera, dzina langa linatuluka. Kwa munthu amene fodya wake anapita ndi akuba, timapepala tiwiri timeneto tinali chakudya cha chaka chonse: thumba la wokulitsa ndi thumba la wobereketsa. Popanda matumba amenewo ndikanatha dzinja ndikupalira m'minda ya eni ku esiteti kuti ana adye. Ndinatikulunga m'pulasitiki n'kutibisa mu Baibulo, ndipo sabata imeneyo ndinatsegula Baibulo kuposa chaka chonse.

Tinauzidwa kukagula pa depoti ya pamsika wina, njira yopita ku Mtunthama. Ndinafika kukucha, mzere n'kuupeza utazungulira kale nyumbayo. Unali mwezi wotentha uja mvula isanagwe, mitambo ikungotinamiza masana n'kubalalika madzulo. A sajeni aja analipo, pamodzi ndi a komiti a midzi ingapo, kuyang'anira mzere kuti mavenda asalowerere. Anthu tinapanikizana chifuwa pa msana, aliyense dzanja lili pa thumba la malaya pamene pali kuponi. Ukachoka kukamwa madzi, malo ako apita. Dzuwa lisanafike pamutu ndinalandira thumba la wokulitsa. Wobereketsa anati ali pa lole ina, tiimenso pamzere wina. Ndinamanga thumba langa pa kaliyala ndi mphira zodula ku chubu, ndinatsamiritsa njinga pa mtengo wa mango pamene panali njinga zina zambiri, n'kupempha mayi wogulitsa nthochi pomwepo kuti aziiponyera diso.

Ndinaimanso nthawi yaitali, m'mimba mulibe kanthu, malovu atauma. Kutangotsala anthu ochepa kuti ndifike pa windo, anatseka, akuti wobereketsa watha, tibwere mawa. Mzere wonse unangoti "Aaa!" Ndinatuluka m'khamumo mutu ukuwira, n'kulunjika pa mango paja. Njinga panalibe. Mayi wa nthochi panalibe, panangotsala makoko.

Munthu wanzeru akanaona kuti pamtengopo sipanasowe njinga yanga yokha, zonse zinali zitachoka. Ine sindinaone zimenezo. Ndinaona chigafa changa chija chopanda kanthu. Nditaponya maso kumsewu, ndinaona bambo wina wachikulire akukankha njinga yakuda, thumba la wokulitsa lili pa kaliyala, lomangidwa ndi mphira. Pedulo ya kumanzere inali yathabwa. Pa handulo panali kansanza kofiira. Belu panalibe. Anaponda pedulo kuti akwere.

"Wakuba! Mbava iyo! Gwirani!"

Mawu anga ndi aakulu, kutchalitchi ndimaimba besi. Anthu amene anaima tsiku lonse padzuwa n'kubwezedwa chimanjamanja sanafunse kanthu. Anathamanga ngati akhala akudikira mawu amenewo chiyambire m'mawa. Wina anakoka kaliyala, njinga n'kugwa, thumba n'kuphulika pamsewu, feteleza mbwee. Bamboyo anagwa chafufumimba. Zibakera ndi mateche zinayamba kumugwera. Ankakuwa m'Chitumbuka, "Njinga njane! Ndine munkhungu yayi, nkhumuweyani!" Ankachonderera kuti njinga ndi yake, si wakuba. Wina anati, "Mwamumva? Si wakuno ameneyu!" Kumbuyo wina ankaitanitsa tayala ndi machesi.

Ine sindinamumenye ndi dzanja. Ndinachita choposa. M'mbali mwa msewu munali miyala yotsala pomanga kalavati. Ndinatola umodzi, waukulu ngati papaya, n'kukankha anthu kuti ndifike pamutu pake. Ndikukumbukira imvi za pankhongo pake zitadzola fumbi. Ndikukumbukiranso kuti mumtima mwanga munalibe mantha kapena chisoni, munali kukoma. Zimenezi ndizo zimandiopsa mpaka lero. Ndinakweza dzanja.

Wenzulo inalira katatu pafupi ndi khutu langa. Telala uja, amene ndinkamuchitira sawatcha, anadziponya pamwamba pa bamboyo, theche lina n'kumupeza m'nthiti. Sanasiye kuimba wenzulo ali chigonere. Anzake a komiti anafika, nagwirana manja mozungulira awiriwo, nkhope zawo zitayang'ana ife. Anali alimi anzathu, ena opanda nsapato. Dzanja langa linatsika lokha, koma mwala sindinautaye.

A sajeni anafika akuyenda ndawala, thukuta lili kamukamu, chipewa chili m'manja. Sanakuwe, sanaopseze munthu ndi ndodo. Analowa pakati, anamudzutsa bamboyo n'kumukhazika pansi, khutu likuchucha magazi. Anamupukuta ndi chitenje chawo. Kenako anafunsa:

"Wakuwa ndani?"

"Ndine. Njinga ndi yanga, thumba ndi langa."

Anandiyang'ana kumaso, ndipo ndinaona kuti andizindikira. Kenako maso awo anatsikira pa dzanja langa lamanja, n'kukhala pamenepo kanthawi. Za mwalawo sananene kanthu.

"Mwaizindikira bwanji, bambo?"

"Pedulo yathabwa. Kansanza kofiira. Ilibe belu."

Anatembenukira khamu. "Amene njinga yake ili ndi pedulo yathabwa akweze dzanja."

Manja anakwera mwamanyazi, kuno limodzi, uko awiri, mpaka ndinasiya kuyang'ana. Wina anaseka, koma palibe anamuthandiza kuseka.

"Nanga agogo, inu mukuti bwanji?"

Bamboyo anapuma movutikira. "Muli kapepala mukati, amama. Mukalemba ndimwe, chaka chamara."

Ankatanthauza kuti a sajeni anamulembera okha chaka chatha, atapita kumudzi kwake. Wokonza njinga wa pamsikapo anabweretsa sipanala. Bawuti inamasuka, koma chishalo chinakana kuzuka, dzimbiri la dzinja lonse linali litagwira. Anapotoza, anakoka awiri, osatheka. Khamu linayambanso kung'ung'udza, ena akuti madalawa akungotaya nthawi, m'menemo mulibe kanthu. Wa tayala uja anali atafika nalo. Pamenepo a sajeni anatembenukira kwa ine, n'kulankhula mokweza kuti aliyense amve:

"Bambo, mwaganiza bwino kutola mwala. Bwerani nawo kuno. Gogodani apa, pansi pa chishalo, pang'onopang'ono."

Ndinayang'ana mwala uli m'dzanja langa. Iwo ankadziwa chimene ndinatolera mwalawo, ine ndinkadziwa, telala ankadziwa. Ndinagwada pafumbi pafupi ndi munthu amene ndinafuna kumuphwanya mutu, n'kuyamba kugogoda. Kawiri konse ndinaphonya n'kudzimenya chala. Kenako chishalo chinati zu! Wokonza njinga anapinda sipoko, anapisa m'paipimo, n'kukoka kapulasitiki ka shuga kofiirira ndi dzimbiri. A sajeni sanakatsegule. Anandipatsa ine.

"Tiwerengereni, bambo. Mawu anu ndi omveka."

Ndinawerenga. Dzina silinali langa. Mudzi sunali wathu. Besi yanga ija sindikudziwa inalowera kuti, mawu anatuluka ngati a mwana wodwala, ndipo a sajeni anandiuza kuti ndibwereze, akumbuyo sanamve.

Telala anadzuka atagwira nthiti. "Akulu, njinga yanu ili kuseri kwa depoti. Tazisonkhanitsa zonse m'chingwe kuti tizizilondera pamodzi. Zinalengezedwa kutchalitchi tsiku lija." Ndinakumbukira akazi anga akuti "akuti njinga," ine n'kuwadula pakamwa. Ndinapita kuseriko. Inali pomwepo pakati pa zinzake, thumba lili chimangire, kansanza kofiira kali pa handulo. Ya pambali pake inalinso ndi kansanza kofiira.

Nditabwerera, khamu linali litabalalika. Onse amene ankaponya mateche anali atakumbukira kuti kwawo n'kutali. Tayala linangotsala pamsewu lopanda mwini. Amayi angapo anagwada n'kumawola feteleza ndi manja, akupeta mchenga ndi lichero lobwereka. Ndinamasula thumba langa n'kuliika pafupi ndi njinga ya madalawo. Anakana, ine ndinakakamira, mpaka a sajeni anati, "Landirani, agogo, muwapeputse." Ine ndinatenga long'ambikalo, ndipo chimanga changa chaka chimenecho chinadya feteleza wosakaniza ndi mchenga wa pamsewu.

Matumba ndi njinga ya madalawo anasunga a komiti. A sajeni anandiuza kuti ndikweze madalawo pa kaliyala wanga ndipite nawo kuchipatala. Ulendo wonse anandigwira m'chiuno kuti asagwe, ndipo pokwera chitunda anafunsa ngati atsike kuti ndisatope. Ine ndinangopitiriza kupalasa. Mayiwo ankapalasa pambali pathu. Ndinkayembekezera kuti tikachoka kuchipatala ndikalowa m'chitokosi, ndipo ndinkaona kuti n'zondiyenera. Madalawo atawamanga bandeji, a sajeni analemba zonse m'kabuku kawo, n'kuwafunsa ngati akufuna mlandu. Anapukusa mutu, nati akufuna kupita kwawo, mvula ili pafupi, mizere sanamalize. Panja pa chipatala mayiwo anandiimitsa.

"Bambo, ku ofesi kwatsala wenzulo imodzi. Munthu amene wathamangitsa msika wonse ndi pakamwa pokha angathenso kuuimitsa. Mubwere Lachitatu."

Za mwala sanatchule, tsiku limenelo kapena lina lililonse.

Kunyumba ndinafotokoza zonse, kupatula za mwalazo. Akazi anga anamvetsera mpaka kumapeto. Ndinkadikira kuti andikumbutse m'mene ndinawadulira pakamwa, ndipo akanatero sindikanawiringula. Iwo analowa m'nyumba, anabwera ndi pensulo, kapepala ndi kapulasitiki ka shuga, n'kuziika pa mwendo panga.

Wenzuloyo ndinakaitenga Lachitatu. A sajeni ankabwerabe pa njinga yawo mwezi ndi mwezi kudzakhala nafe pansi pa kesha, ndipo ine ndinasiya kuthawira kudambo. Kamodzi kokha anandiseka. Tinagwira mnyamata wakuba makeni, tinamukhazika pansi mpaka iwo anafika, ndipo atandiona anafunsa ngati tiyi ndamuphikira. Ndakhala mu komiti zaka zambiri, ndipo anthu amene ndawakhazika pansi si ochepa. Ena anali akubadi, anapita kukhoti. Wina anali wodwala misala amene anangolowa m'khola la eni pothawa mvula. Kangapo ndalandira theche lolunjika wina, ngati telala uja, amene sawatcha ndimamuchitirabe koma tsopano ndi yeniyeni. Mkwiyo sunathe, ndisaname. Koma ndikamva "Wakuba!" dzanja limathamangira pakhosi pamene pali wenzulo.

Chimene chinandikanika ndi kuwathokoza mayiwo. Ndinkati ndinena lero, ndinena mwezi wa mawa, koma ndikawaona ndinkangowapatsa moni, chifukwa kuthokozako kunafunika kuti nditchule mwala. Nditakolola mtedza chaka chotsatira, ndinanyamula ndowa imodzi ndi tambala kupita kupolisi, nditatsimikiza mtima. Ndinapeza atasamutsidwa. Wina anati anapita kumwera, wina anati kumpoto. Ndinabwerera ndi tambala wanga akulira pa kaliyala. Ngati ali moyo, ndikufuna adziwe kuti ana anga anakula bambo wawo ali pakhomo, osati kundende, ndipo palibe anawalozapo chala kuti ndi ana a wakupha. Zimenezi ndi za iwo, ndipo ndikuthokoza ndi mtima wonse.

Madala aja anali ochokera cha ku Simlemba, anadzakwatira mudzi wa kutsidya kwa dambo lathu. Khutu lija silinamvenso. Tinayamba kukumana pamaliro, pamsika, pamzere wa makuponi, ndipo chimene chinkandisautsa n'choti ankandikonda. Paliponse ankandigwira dzanja n'kuuza anthu, "Awa ndiwo anakuwa, enya, koma ndi omwewanso anathamanga kukatola libwe logogodera chishalo. Pakanapanda iwo, akanandiotcha." Anthu ankandiyamikira. Ine ndinkangomwetulira.

Ndinakhala nazo zaka zingapo. Tsiku lina, nyengo yosankha fodya, ndinawoloka dambo n'kuwapeza m'chigafa chawo, atakhala pa chiguduli, masamba ali mulu kutsogolo. Ndinakhala mbali ya khutu labwino n'kuyamba kuwathandiza kusankha. Tinakamba za mvula, za mitengo ya ku okushoni, za mawondo athu. Tinasankha nthawi yaitali ndisanapeze poyambira.

"Adada, pali chimene simudziwa. Mwala uja sindinatolere chishalo. Ndinatolera mutu wanu."

Sanadzidzimuke. Anatambasula tsamba pa bondo, analiyang'ana padzuwa, naliika pa mulu wake.

"Nkhumanya," anatero. "Ndinali chafufumimba, koma dzuwa linali kumbuyo kwanu. Ndinaona chithunzithunzi chanu pafumbi, dzanja lili m'mwamba."

"Nanga bwanji zaka zonsezi mumauza anthu zina?"

"Zina ziti? Kodi simunagogode chishalo? Amama aja anaupatsa ntchito mwala uja, inu munavomera. Ine ndimanena ntchito imene unagwira."

Ndinalira pomwepo, bambo wamkulu, wa komiti, wenzulo ili m'khosi. Iwo anandisiya ndilire. Nditatha anandikankhira mulu wina wa masamba, nati ndisamale, ofiira ndikusakaniza ndi owala.